Mapiri a Tundulu ndi Songwe

Tundulu ndi Songwe ndi mapiri aang'ono omwe ali kum'mawa kwa boma la Phalombe, m'chigawo cha kummwera kwa dziko la Malawi. Ali pakati pa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Mapiriwa ndi zotsalira za mapiri ophulika omwe ankatulutsa moto zaka pafupifupi 133 miliyoni zapitazo ndipo anazima kalekale. Nsonga zake zinaperepeseka ndi mvula ndi mphepo, moti chomwe chikuoneka lero ndi mmero wa phirilo, momwe munkadutsa chiphalaphala cha moto pochokera pansi pa dziko. M'mapiri awiriwa muli mwala wosowa wotchedwa carbonatite, womwe uli ndi fosifeti wopangira feteleza komanso miyala ya rare earth.

Phiri la Songwe la ku Phalombe silikhudzana ndi mtsinje wa Songwe wa kumpoto, womwe uli m'malire a Malawi ndi Tanzania. Ndi mayina chabe omwe anafanana.

Malo ake

Boma la Phalombe linapatulidwa ku boma la Mulanje mu 1998, ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu 429,450, ambiri mwa iwo Alomwe. Gawo lalikulu la bomali ndi chigwa cha see, chomwe chimatsetsereka pang'onopang'ono kuchokera m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi kulowera ku nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ili pa mamita pafupifupi 627 kuchokera pamwamba pa nyanja ya mchere. M'chigwamu mapiri amangoti apa limodzi apo limodzi, ngati zulu m'munda. Odziwika ndi Machemba, Mauze, Songwe, Nkalonje ndi Tundulu.

Songwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Zomba ndi 90 kuchokera ku Blantyre. Munthu wopita kumeneko amasiya msewu wa tala pa Migowi n'kulowa msewu wa fumbi wolowera kum'mawa. Phirili ndi lotalika mamita pafupifupi 230 kuchokera m'chigwa, ndipo m'mimba mwake ndi mamita pafupifupi 800. Latsamira phiri lalikulu la Mauze, kotero kuti woliona patali amaliyesa phewa chabe la Mauze. Pambali pake pali kaphiri kena kotchedwa Chenga.

Tundulu lili kumpoto kwa Songwe, pa mtunda wosakwana makilomita 20, kufupi ndi Nambazo ndi madambo a kummwera kwa nyanja ya Chilwa. Si phiri limodzi ayi. Ndi timapiri tingapo tomwe tinakhala mozungulira ngati anthu pa bwalo la milandu, ndipo mkati mwa bwalolo muli phiri la Nathace.

Derali lili kuseri kwa phiri la Mulanje, mbali yomwe mphepo ya mwera imafika itataya kale mvula yake. N'chifukwa chake kuno kulibe minda ya tiyi ngati ya ku Mulanje boma. Anthu amalima chimanga, nandolo, mapira, mpendadzuwa ndi fodya, ndipo m'madambo amalima mpunga. Nthaka ya m'chigwa chapafupi ndi nyanja ndi makande, omwe m'dzinja amamata matayala a njinga ndi galimoto, ndipo m'chilimwe amang'ambika ming'alu. Misewu ya makande imeneyi ndiyo imachititsa kuti malowa aoneke akutali kuposa momwe makilomita akunenera. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani ndiyo imatenga madzi a dera lino kukathira m'nyanja ya Chilwa.

Chiyambi chake

Pansi pa chigwa cha Phalombe pali thanthwe lakale kwambiri la miyala ya gneiss ndi granulite, la zaka zoposa 500 miliyoni. Ndilo maziko a pafupifupi dziko lonse la Malawi. Pa nthawi yomwe mapiri a Tundulu ndi Songwe ankabadwa, mtunda waukulu wa Gondwana unali ukugawanika. Mtundawu unkaphatikiza Africa, South America, India, Madagascar, Australia ndi Antarctica. Kukokeka kwa mtundawo kunang'amba thanthwe la kuno, ndipo miyala yosungunuka yochokera pansi kwambiri inapeza njira yokwerera.

Miyala yonse yomwe inakwera m'nyengo imeneyo, kuyambira zaka pafupifupi 135 miliyoni kufika 110 miliyoni zapitazo, akatswiri a miyala amaiika m'gulu limodzi lotchedwa Chilwa Alkaline Province. Gululi lafalikira kummwera kwa Malawi mpaka kulowa mu Mozambique. Muli chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, phiri la Kangankunde ku Balaka, mapiri a Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi ku Machinga, mapiri a Zomba ndi Malosa, Mulanje ndi Michesi, komanso phiri la Muambe ku Mozambique. Sanabadwe tsiku limodzi. Oyamba anali a carbonatite monga Tundulu, Songwe ndi Chisi, kenaka anatsatira a ku Machinga, ndipo omalizira anali akuluakulu ngati la Zomba, lomwe miyala yake ili ndi zaka pafupifupi 113 miliyoni. Ndiye kuti timapiri ta m'chigwa tomwe anthu sationa n'komwe ndi takale kuposa phiri la Zomba.

Chiphalaphala chomwe chinapanga Tundulu ndi Songwe chinali chodzaza ndi mpweya wa carbon dioxide ndi nthunzi. Chili pansi kwambiri, kulemera kwa miyala ya pamwamba pake kunkaupanikiza mpweyawo kuti usatuluke. Chitayandikira kumtunda, mpweya unamasuka mwadzidzidzi, monga limachitira botolo la thobwa losasa munthu akalitsegula mosasamala. Kuphulikako kunaswa thanthwe lakale n'kuboola dzenje lotsika ngati chitoliro. Zidutswa za miyala zinagweranso m'dzenjemo ndipo zinamatidwa pamodzi ndi chiphalaphala chobwera pambuyo. Miyala yoteroyo, yooneka ngati konkire wa miyala yosongoka, imatchedwa breccia ndi agglomerate, ndipo ndi yambiri pa Tundulu, Songwe, Chenga ndi Nkalonje. Ndiwo umboni waukulu wakuti pamalopa panali kuphulika.

Kuchokera nthawi imeneyo mvula yakhala ikukokolola dziko kwa zaka zoposa 100 miliyoni. Phulusa ndi chiphalaphala chomwe chinayenderera pamtunda zinapita kale. Mapiriwa tingawayerekeze ndi chitsa: mtengo unagwa n'kuola, koma pachitsa mizere yozungulira ikuonekabe, ndipo wodziwa kuiwerenga akhoza kunena momwe mtengowo unakulira. Chiphalaphala cha pamtunda cha m'nyengo imeneyi chinatsalako m'malo ochepa chabe, monga m'zigamba zina za m'mapiri a ku Machinga ndi ku Lupata, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi ku Mozambique.

Mwala wa carbonatite

Miyala yambiri yochokera ku moto wa pansi pa dziko imapangidwa ndi silica, yemwenso amapanga mchenga ndi galasi. Carbonatite ndi wosiyana nayo. Gawo loposa theka la mwalawu ndi carbonate, ndiye kuti ndi m'bale wake wa mwala wa laimu umene anthu amawotcha ku Balaka, kapena umene unkakumbidwa ku Changalume popanga simenti. Munthu akadonthezera asidi wosungunula pa mwalawu, umachita thovu ngati laimu wina aliyense.

Apa ndi pomwe panali mkangano waukulu pakati pa akatswiri. Laimu wodziwika amapangika pansi pa nyanja, kuchokera ku zigoba za tizilombo ta m'madzi ndi matope. Ambiri sankavomereza kuti laimu angasungunuke n'kukwera ngati chiphalaphala cha phiri lophulika. Ankati miyala yotereyi ndi zibenthu za laimu wakale wa m'nyanja zomwe moto unangozinyamula. W. C. Brøgger, yemwe analemba za dera la Fen ku Norway mu 1921, anali m'modzi mwa oyamba kunena kuti mwalawu ndi wochokera ku moto, koma ambiri anamutsutsa. Mkanganowu unazirala mu 1960, pomwe Barry Dawson anatsikira m'kamwa mwa phiri la Ol Doinyo Lengai ku Tanzania n'kupeza chiphalaphala cha carbonate chikuyenderera. Phiri limeneli, lomwe dzina lake m'Chimasai limatanthauza phiri la Mulungu, ndilo lokhalo padziko lonse lomwe likutulutsabe carbonatite. Chiphalaphala chake chimatentha madigiri 500 mpaka 600, pafupifupi theka la kutentha kwa cha mapiri ena, chimatuluka chakuda ndipo chimayera pakangopita masiku ochepa. Carbonate wa ku Lengai ndi wa sodium pomwe wa ku Phalombe ndi wa calcium, choncho sangafanane ndendende, komabe ndi phiri limeneli lomwe lingatipatse chithunzi cha momwe dera la Nambazo linkaonekera.

Malo a carbonatite odziwika padziko lonse ndi opitirira 500, ndipo Africa ndiyo ili ndi ochuluka kuposa zigawo zina za dziko lapansi. Chiphalaphala chake chimayamba pomwe kagawo kochepa kwambiri ka miyala ya pansi pa thanthwe la dziko kasungunuka. Nthawi zina chimapatukana ndi chiphalaphala cha silica monga mafuta amapatukirana ndi madzi m'poto. Popatukanapo chimatenga michere yomwe miyala ina imaikana, monga phosphorus, niobium, strontium, barium, fluorine ndi rare earth. Ichi ndicho chifukwa chake migodi ikuluikulu ya rare earth ili pa miyala ya mtundu umenewu: Bayan Obo ku China, Mountain Pass ku America ndi Mount Weld ku Australia. Mgodi wa niobium wa Araxá ku Brazil ndi wa kopa ndi fosifeti wa Phalaborwa ku South Africa nayonso ili pa carbonatite.

Pali mwala wina womwe susiyana ndi carbonatite. Chiphalaphala chikamazizira chimatulutsa madzi otentha okhala ndi potassium ndi sodium, omwe amalowerera m'thanthwe lozungulira n'kulisintha. Mwala wosinthikawo umatchedwa fenite, potengera dzina la Fen. Ku Phalombe fenite wambiri ndi wofiirira, ndipo ndi wolimba kuposa carbonatite. Kulimba kwakeko kwathandiza kuti mapiriwa aimebe pomwe dziko lowazungulira linatsika.

Tundulu

Kapangidwe ka Tundulu kanafotokozedwa mwatsatanetsatane ndi M. S. Garson m'buku lomwe nthambi ya boma yofufuza za miyala inatulutsa mu 1962. Garson anapeza kuti moto unabuka katatu, ndipo ulendo uliwonse unali ndi pakati pakepake, kotero kuti mabwalo atatu a miyala analowana. Wobwera pambuyo ankadula miyala ya woyamba, ndipo poona kuti mwala uti wadula unzake, munthu amadziwa umene unayamba. M'mabwalowa muli breccia ndi agglomerate, carbonatite ya mitundu ingapo, mwala wotuwa wa nepheline syenite, ndi mizere yopyapyala ya miyala yakuda yomwe inadzaza ming'alu kumapeto. Kunja kwa zonsezi thanthwe lakale linasanduka fenite.

Chuma cha Tundulu chili pa phiri la Nathace. Pamenepa pali carbonatite yodzaza ndi apatite, womwe ndi mwala wa fosifeti, wofanana ndi chomwe chimalimbitsa mafupa ndi mano. M'malo ena apatite ndi wochuluka mwakuti mwalawo umaoneka wofiirira, wa timibulu ngati shuga. Chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi matani pafupifupi 2 miliyoni a mwala wokhala ndi fosifeti wokwana 17 pa 100 alionse. Poyerekeza ndi migodi ya ku Morocco, yomwe imawerengedwa m'mabiliyoni a matani, ameneyu ndi wochepa. Koma poyerekeza ndi zomwe alimi a m'Malawi amafuna pa chaka, si wochepa konse. Pa Nathace ndi pa Tundulu penipeni palinso miyala ya rare earth monga synchysite ndi bastnäsite.

Songwe

Songwe ndi chitoliro chimodzi chomwe chinaboola m'mbali mwa Mauze. Phiri la Mauze ndi la nepheline syenite, ndipo zaka za miyala yake zimayandikana kwambiri ndi za Songwe, zomwe zikusonyeza kuti awiriwa anachokera ku moto umodzi, Mauze patsogolo, Songwe pambuyo. Kafukufuku wa Sam Broom-Fendley ndi anzake a ku Camborne School of Mines ku England, yemwe anasindikizidwa mu 2017, anasonyeza kuti carbonatite ya pa Songwe inabwera m'magawo. Yoyamba ndi yotuwa, ya calcite, ndipo ndiyo yochuluka. Yotsatira ili ndi chitsulo chambiri, ndi yakuda, ndipo inalowa m'ming'alu ya yoyambayo. Pomalizira madzi otentha anasiya mizere ya apatite ndi fluorite, mwala wa mtundu wa pepo, komanso mizere yakuda ya chitsulo ndi manganese.

Pamwamba pa phirili pali fenite wambiri, ndipo zibenthu zikuluzikulu za fenite zimapezeka zitamira mkati mwa carbonatite. Zimenezi zikutanthauza kuti Songwe silinakokoloke kwambiri, ndipo chomwe tikuona ndi kufupi ndi denga la chitolirocho. Rare earth wa pa Songwe ali makamaka mu synchysite, koma apatite wake ali ndi khalidwe lachilendo: muli rare earth wolemera, monga dysprosium ndi yttrium, wochuluka kuposa momwe zimakhalira m'miyala ina ya carbonatite. Rare earth wolemerayu ndiye wosowa ndiponso wokwera mtengo.

Mapiri oyandikana nawo

Nkalonje, Matoponi ndi Namangale ndi zitoliro zina zazing'ono za m'dera lomweli, zodzaza ndi breccia ndi fenite. Chilumba cha Chisi, chomwe chili m'boma la Zomba ndipo mabuku a miyala amachitchula kuti Chilwa Island, ndicho carbonatite yaikulu kuposa zonse m'Malawi. Chisi ndi Tundulu ndi pachibale. Kusiyana kwake n'kwakuti china chinazunguliridwa ndi madzi pomwe china chili pamtunda.

Anthu ambiri, ngakhale ena ophunzira, amati phiri la Mulanje ndi phiri lophulika. Si choncho. Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi Michesi, la mamita 2,289, ndi miyala ya syenite ndi granite yomwe inaumira pansi pa nthaka pang'onopang'ono osatulukira kunja. Inaonekera pambuyo pake, miyala yofewa yoikuta itakokoloka. Zachitika motembenuka: phiri lalitali lomwe limaoneka loopsa silinaphulikepo, koma timapiri tonyozeka ta m'chigwa ndito tinali pakamwa pa moto.

Mbiri ya kafukufuku

David Livingstone anafika pa nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, koma kufufuza miyala ya derali kunayamba m'nthawi ya Frank Dixey, yemwe anatsogolera nthambi yofufuza za miyala ya Nyasaland kuyambira 1921 mpaka 1939. Mu 1937 Dixey, W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset anatulutsa buku lofotokoza miyala ya dera la Chilwa, ndipo anatsimikiza kuti laimu wa pa Chisi ndi mapiri anzake ndi wochokera ku moto. Aka kanali koyamba kuti carbonatite izindikiridwe mu Africa, zaka 23 Dawson asanaone chiphalaphala cha ku Lengai. Ndi mbiri yomwe mwana wa sukulu wa ku Zomba kapena ku Phalombe anayenera kuidziwa, koma ndi ochepa omwe anaimvapo.

Garson anapitiriza ntchitoyi. Analemba za Chisi mu 1958 pamodzi ndi Campbell Smith, za Tundulu mu 1962, ndi za carbonatite zonse za kummwera kwa Malawi mu 1965. Alan Woolley wa ku Natural History Museum ku London analembanso zambiri za miyala ya Chilwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a ku Japan, kudzera ku bungwe la JICA, anagwira ntchito ndi nthambi ya boma ya ku Zomba ndipo anaboola zitsime zofufuzira pa Tundulu ndi pa Songwe. Zomwe anapeza zinakhala m'mabuku kwa zaka pafupifupi 20, chifukwa pa nthawiyo rare earth analibe msika wokopa.

Fosifeti ndi feteleza

Mlimi aliyense amene anagulapo feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S, kapena wa 23:10:5 yemwe anabwera pambuyo pake, anagula fosifeti, pakuti nambala yapakatiyo imanena za fosifeti. Dziko la Malawi limaitanitsa pafupifupi feteleza wake yense kunja, ndipo boma lakhala likuwononga ndalama zambiri pa feteleza wotsika mtengo, kuyambira pa ndondomeko ya FISP mu 2005 kufika pa AIP mu 2020. Choncho funso lomwe anthu amafunsa ndi lomveka: bwanji osangopera mwala wa pa Nathace n'kuthira m'munda?

Vuto lili pa mtundu wa mwalawo. Apatite wochokera ku moto ndi wouma mtima, sasungunuka msanga m'nthaka ngati fosifeti wopangika pansi pa nyanja. Ukaupera n'kuthira ku chimanga, mizu imalephera kutengapo chakudya chokwanira m'nyengo imodzi. Umachitako bwino m'nthaka ya asidi wambiri, ngati ya m'minda ya tiyi, ndi ku mbewu zokhalitsa. Kuti ukhale feteleza wa chimanga uyenera kuphikidwa ndi asidi wa sulphur, ndipo izi zimafuna fakitale, magetsi odalirika ndi sulphur yemweyo. Mwala wa pyrite, womwe ungapereke sulphur, ulipo ku Malingunde m'boma la Lilongwe ndi ku Chisepo m'boma la Dowa, kutali ndi Phalombe. Zipangizo zonse zilipo m'dziko muno, koma kuzikumanitsa ndiye kwakhala kukukanika.

Rare earth ndi mgodi wa Songwe

Rare earth ndi gulu la zitsulo 17. Zofunika kwambiri pa msika wa lero ndi neodymium, praseodymium, dysprosium ndi terbium, zomwe amapangira maginito amphamvu a m'galimoto zoyendera magetsi, makina opanga magetsi ndi mphepo, mafoni ndi makompyuta. Dziko la China limakumba zoposa theka la rare earth wa padziko lonse ndipo limayenga pafupifupi magawo 9 mwa 10 alionse. Mayiko a ku Ulaya ndi America akufunafuna kwina kogula, ndipo ndi chifukwa chake kaphiri ka kuseri kwa Migowi kakutchulidwa ku London ndi ku Brussels.

Kampani ya ku Canada ya Mkango Resources, kudzera ku kampani yake ya Lancaster Exploration, inapatsidwa chilolezo chofufuza m'dera la Phalombe mu 2010. Inaboola phiri la Songwe mu 2011, 2012 ndi 2018. Mu 2019 inalengeza kuti yapeza matani 21 miliyoni a mwala woyezedwa bwino, wokhala ndi rare earth wokwana 1.41 pa 100 alionse, ndi matani ena 27.5 miliyoni ongoyerekezedwa. Ndiye kuti pa tani imodzi ya mwala pamatuluka makilogalamu pafupifupi 14 a chinthu chofunikacho, ndipo makilogalamu oposa 980 otsalawo ndi zinyalala zomwe ziyenera kupezeredwa malo. Lipoti lalikulu la kampaniyi la mu Julayi 2022 linati mgodiwu ungagwire ntchito zaka 18. Bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA linavomereza lipoti la momwe mgodiwu ungakhudzire chilengedwe ndi anthu mu Januwale 2023, ndipo mu Julayi 2024 boma ndi kampaniyi anasainirana mgwirizano wa mgodi. Malinga ndi mgwirizanowu, boma lidzakhala ndi masheya 10 pa 100 alionse ndipo lidzalandira 5 pa 100 alionse a ndalama zogulitsa, kuphatikiza pa msonkho. Mu Juni 2025 bungwe la European Union linaika Songwe pa mndandanda wa ntchito zomwe likuziona kuti n'zofunika kwa ilo.

Dongosolo la kampaniyi ndi lokumba dzenje lapululu, kupera mwala ndi kuusungunula ndi mankhwala pamalo pomwepo, n'kutumiza kunja ufa wa rare earth wosakanikirana. Kulekanitsa zitsulozo chimodzichimodzi, komwe ndiko kuli phindu lalikulu, kampaniyi ikufuna kukachitira ku Puławy m'dziko la Poland. Lamulo la migodi la 2019 linabweretsa lamulo lakuti mgodi waukulu uzisainirana mgwirizano wa chitukuko ndi midzi yozungulira, ndi kuikapo ndalama zosachepera 0.45 pa 100 alionse a zomwe wagulitsa. Kwa anthu a m'midzi yozungulira Songwe nkhani zazikulu ndi minda, manda, chipukuta misozi cha osamutsidwa ndi ntchito. M'boma lothithikana ngati Phalombe, malo osamutsirako banja sapezeka mophweka. Mbiri ya mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009 n'kuimitsidwa mu 2014 mitengo itagwa, imasonyezanso kuti zaka zolembedwa m'lipoti zimadalira msika wa kunja.

Ngozi za m'derali

Mapiri a Tundulu ndi Songwe sangaphulikenso. Moto wake unazima zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo sukhudzana ndi chigwa chachikulu momwe muli nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, chomwe chinang'ambika posachedwapa poyerekeza. Zivomezi monga cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu 2009 zimachokera ku chigwa chimenecho. Mapiri ophulika amoyo omwe ali pafupi ndi Malawi ndi a ku Rungwe m'dziko la Tanzania, kumpoto kwa nyanja ya Malawi.

Ngozi yeniyeni ya mapiri a ku Phalombe ndi madzi. Mu Marichi 1991 mvula yamphamvu inagumula mbali ya phiri la Michesi, ndipo matope, miyala ndi mitengo zinasesa Phalombe boma n'kupha anthu mazanamazana. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo, makamaka kwa Nkhulambe. Anthu amati wadutsa Napolo. Popeza ngoziyi imabwera ndi mkokomo ndi miyala yogubuduka, ena amaganiza kuti phiri laphulika, koma chimachitika n'chakuti dothi lopyapyala lomwe lili pamwamba pa thanthwe losalala limakhuta madzi n'kutsetsereka lonse nthawi imodzi. Kudula mitengo m'mapiri kumawonjezera vutoli.

Mvula yotereyi ndi yofunika kuiganizira pomanga damu losungira zinyalala za mgodi. Miyala ya carbonatite imakhala ndi thorium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa, ngakhale kuti wa pa Songwe amanenedwa kuti ndi wochepa poyerekeza ndi wa migodi ina, ndipo kusungunula mwala kumafuna asidi ndi madzi ambiri. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chilichonse cholowamo chimakhala momwemo, madzi okha ndiwo amauluka ndi dzuwa. Nyanjayi ndi yosaya, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Inaikidwa pa mndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar chifukwa cha mbalame zake za m'madzi. Matemba, makumba ndi milamba ya m'nyanjayi imadyetsa mabanja a m'maboma a Phalombe, Zomba ndi Machinga, ndipo imagulitsidwa mpaka m'misika ya ku Limbe. Madzi a mvula ochokera pa Songwe ndi pa Tundulu amathera m'nyanja yomweyi.